Galimoto ya Eni, Chithunzi cha Alamu

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, chibadwire sanagwirepo chiwongolero. Chawo ndi njinga, nayonso mabuleki ake ndi chidendene. Koma yesani kuwafunsa za galimoto zoima mumsewu wathu uno, mupeze kaye pokhala, chifukwa muchokapo miyendo itachita dzanzi. Ndipo si galimoto iliyonse ayi. Zatsopanozi, zofanana nkhope ngati ana a bakha, amazidutsa osatembenuza n'khosi lomwe. "Sopo ameneyu," amatero, "anadulidwa ndi mpeni umodzi." Zawo ndi zakale zija, za maso obulungira ndi mabampa a chitsulo chonyezimira, koma zikhale zosamalidwa. Yakale yotayidwa amaimvera chisoni ngati mwana wamasiye. Yakale yosamalidwa amaipatsa ulemu wa apongozi. Ndawaonapo ndi maso angawa akupereka moni kwa galimoto mwiniwake kulibe.

Ntchito yawo ndi yojambula zithunzi. Dzina lawo lenileni mumsewu muno timalidziwa ine ndi mlongo wanga basi. Ena onse amati a Mwetulirani, poti ndiwo mawu amene amatuluka m'kamwa mwawo tsiku lonse. Ndi munthu wowonda, wofatsa moti nthawi zina ndimafuna kuwagwedeza kuti ndione ngati muli magazi. Wina akawaponda phazi, opepesa amakhala iwo. N'chifukwa chake Mulungu anawapatsa mlamu ngati ine. Ine ndimagulitsa malamba, zipeso ndi zikwama za mafoni pakhonde la sitolo ya mankhwala, pomwepo pamene iwo amatsamiritsa bolodi lawo la zithunzi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pakamwa pokha ndinakhoza, ndipo woputa alamu amayankhidwa ndi ine.

Anayambira m'situdiyo ina kuseri kwa msika, akusesa ndi kuyanika zithunzi pachingwe. Pakhoma panali chinsalu chojambulidwa mathithi ndi nyumba yosanja, pakona pali maluwa a pulasitiki amene anagwiridwa ndi akwati a tauni yonse mpaka anatuwa. Kenaka kunabwera mafoni. Aliyense anasanduka wojambula, ngakhale aja odula anzawo mitu pachithunzi. Situdiyo inatsekedwa, pano akugulitsamo chakudya cha nkhuku, ndipo bwana wake potsanzika anawasiyira alamu kamera, jekete lakuda lobwereketsa makasitomala, ndi magalasi a dzuwa.

Anatuluka nazo mumsewu, zinthu zinavuta. Ndani angaime pakhoma la sitolo kuti ajambulidwe pamene foni ili m'thumba? Mpaka tsiku lina kunabwera mlonda wina, wofuna chithunzi choti atumize kwa makolo ake.

"Koma kumbuyo kwanga kukhale kanthu," anatero. "Asaone khoma lokha ngati ndili m'ndende."

Alamu anayang'ana uku ndi uku. Patsidya panali pataima galimoto yakuda, yayitali, yakalekale, yopukutidwa mpaka mitambo imaonekeramo. Anamuveka mlondayo jekete, n'kumuimika pambali pake. Ine ndinasolola mulu wa makiyi m'thumba mwanga n'kumugwiritsa. Chithunzi chitatsukidwa, mlonda uja anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndimadziwa ine kuti ndine munthu." Sabata yotsatira anabwera ndi anzake a ntchito.

Ndi mmene zinayambira. Ena amafunsa kuti bwanji osajambulira pa galimoto zatsopano, poti ndi zambiri. Alamu amayankha pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga. Ukaima pa yatsopano, aliyense woona chithunzi amadziwa kuti ndi ya abwana ako kapena ya kampani. Koma yakale yosamalidwa bwino, anthu amakhulupirira. Amati mwina anamusiyira amalume ake, mwina anaigula yakufa n'kuidzutsa yekha, onani mmene akuisamalirira, mwana wanzeru uyu. Ndipo zodzijambula wekha ndi foni pagalimoto ya eni, umaoneka ngati wakuba amene akudikira mpata. Pamafunika jekete, makiyi, ndi munthu wokuuza pamene phazi liime.

Lamulo linali limodzi, ndipo pa ili lokha alamu sankaseka ndi munthu: galimoto siikhudzidwa. Dzanja la kasitomala limayandama pamwamba pa boneti, mpata wolowa chala, iwo n'kugwada pansi ndi kamera mpaka apeze pamene dzanjalo likuoneka ngati lakhazikika. Thako nalonso chimodzimodzi, liziyandikira chitseko koma lisafike. Anthu ankanjenjemera miyendo ataima choncho, iwo ali phee, akudikira dzuwa lituluke mumtambo.

"Alamu, munthuyu agwa," ndinkatero.

"Agwere uko, osati kuno. Mwini galimotoyi wadzuka mbandakucha, waipukuta ndi malaya ake akale, waiuzira mpweya wa m'kamwa mwake. Ife tibwere ndi manja athu a thukutawa? Mwetulirani, bambo."

Chilolezo sitinapemphepo kwa mwini aliyense. Nzeru imeneyo inali yanga. Ukapempha amakana, ukapanda kupempha palibe amene wakana. Ntchito yanga inali kuitanira anthu ndi kuyang'anira. Mwini galimoto akatulukira pakona, ndinkaimba likhweru, kasitomala n'kuvula jekete, alamu n'kuyamba kujambula nkhunda za padenga.

Galimoto iliyonse anaipatsa dzina. Yakuda yayitali ija inali Bishopu. Panali ina yaing'ono ya msana wozungulira, yolira ngati makina osokera, imeneyo Kamba. Panali Mkamwini, yofiira, yopanda denga, imene inkabwera kamodzikamodzi n'kuima patali ngati ikuchita manyazi. Ankazizindikira ndi khutu zisanakhote. Mukucheza nawo bwinobwino, mungoona akweza chala, "Kamba uyo," ndipo posakhalitsa Kamba atulukiradi.

Koma zakale zimatha, abale. Bishopu anagulidwa ndi munthu wina wopanda mtima amene anamudula kumbuyo n'kumanyamulira matabwa. Mkamwini anangosowa. Mwini wa Kamba anamwalira, ana ake n'kuikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba. Alamu anapalasa njinga kukaiona, anapeza nkhuku ikuikira pampando wa dalaivala. Mlongo wanga akuti tsiku limenelo chakudya chinabwerera kukhitchini chosakhudzidwa.

Inatsala imodzi, Njiwa. Iii, Njiwa! Yotuwa mobiriwira ngati nthenga za pakhosi pa njiwa, matayala okhala ndi mkombero woyera, mipando yachikopa yofiirira, bampa yoti munthu n'kumetera ndevu. Inkabwera Lachinayi lililonse m'mawa, n'kuima kutsogolo kwa sitolo ya mankhwala, pakhomo pathu penipeni. Kunena mosabisa, Lachinayi ndilo linkadyetsa banja la mlongo wanga sabata yonse. Masiku enawo alamu ankangojambula timitu ta ziphaso. Anthu anafika podziwa, ankabwera atasita zovala, ena n'kudikira pakhonde Njiwa isanafike.

Mwini wake tinkangoti Madala a Chipewa, poti sitinawaonepo mutu uli pamtunda. Ankaimika galimoto mowongoka ngati ayeza ndi chingwe, kutuluka, kusolola kansalu kachikasu, kupukuta galasi la m'mbali, kuizungulira yonse, kenaka n'kulowa m'sitolo ya mankhwala. Kulowera khomo la kutsogolo, kutulukira la m'mbali, ulendo wa kuseri kwa shopu ya zitsulo kumene madala anzawo amasewera dirafuti ya zitsekerero za mabotolo. Kumeneko ankakhala mpaka dzuwa kupendeka. Ife tinkadziwa, koma zinatikhudza chiyani? Kwa ife anali mwini galimoto wabwino kuposa onse, wochoka osabwerera msanga.

Tsoka linabwera litavala diresi lofiira. Anali mtsikana wa saluni ina ya kumtunda, zikhadabo zazitali, mafuta onunkhira oti ntchentche n'kukomoka. Jekete anakana, magalasi analandira, makiyi anawakoleka pachala.

"Ndikhala paboneti," anatero.

"Mukhala pa boneti ya agogo anu," ndinamuyankha. "Pano timayandama, chemwali."

"Ndikulankhula ndi wojambula, osati wogulitsa zipeso."

"Zipeso zomwezi ndi zimene zimakudyetsani kusaluni kwanuko!"

Alamu anatilekanitsa, anamunyengerera, mpaka anavomera kuyandamitsa dzanja. Ndisaname, chithunzi chinatuluka chokongola. Mutu atapendeketsa, mwendo umodzi kutsogolo, makiyi akulendewera, Njiwa ili kumbuyo ikunyezimira ngati nayonso yamwetulira. Anachitenga akuvina.

Patapita masabata angapo, Lachinayi linafika, Njiwa osabwera. Anthu anadikira ndi zovala zawo zosita mpaka zinakwinyika, n'kubalalika. Lachinayi linalo, zii. Pamalo pake panaima chilole cha kabichi chikudontha oyilo, ndipo ine ndinakangana ndi dalaivala wake mpaka wa sitolo ya mankhwala anatuluka kudzatiopseza ndi apolisi. Alamu ankangokhala pa kampando kawo, kamera pamiyendo, khutu lili kumsewu. Nthawi zina ankakweza chala, kenaka n'kuchitsitsa.

"Mwina akudwala," anatero.

"Kapena aigulitsa."

"Alamu, musatero. Pakamwa panu pamaitana zinthu."

Mlongo wanga anayamba kulankhula zoti amuna ake akafunsire ntchito ya ulonda. Munthu wopepesa akapondedwa phazi, akalondere chiyani?

Njiwa inabwera Lolemba, tsiku losakhala lake. Alamu anaimva ikadali kutali, anaimirira, koma nkhope inasintha. "Akuithamangitsa," anatero. Inakhota mwaukali, n'kuima mopingasa, tayala limodzi litakwera pakhonde. Chiyambire sitinaonepo zotero. Chitseko cha kumanzere chinatseguka, munatuluka mayi wachikulire, wamfupi, wamagalasi, kachikwama kali m'khwapa, m'manja muli chithunzi. Mbali inayo munatuluka Madala, opanda chipewa. Dazi lili poyera, malaya osasita, maso ofiira. Ndinachita kuwazindikira ndi galimoto.

Ine ndinaona kufiira kwa diresi pachithunzipo ndili patali. Msangamsanga ndinatembenuza bolodi la alamu kuti liyang'ane kukhoma, n'kuponya jekete pansi pa tebulo langa.

"Alamu, kanani," ndinawanong'oneza. "Ojambula ndi ambiri m'tauni muno. Mukavomera, Njiwa yapita."

Mayi aja anayang'ana chikwangwani cha sitolo, anayang'ana pachithunzi, anayang'ananso chikwangwani. "Ndi pano," anatero. Mawu awo anali aang'ono koma akuthwa ngati lumo. "Bambo, si pano pamene mumaimika galimoto?"

"Ndi pano, mayi, koma ndakuuzani kale..."

"Mwandiuza zambiri. Khalani chete." Anatembenukira kwa ife, maso n'kugwera pa kamera. "Inu a kamera, bwerani kuno. Chithunzi ichi anajambula ndani?"

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, mukudziwa mmene msewu umanunkhizira nkhani. Wogulitsa nthochi anasiya dengu lake, osoka nsapato anabwera ndi nsapato ya eni m'manja. Ine ndinalowa pakati.

"Mayi, ojambula ndi ambiri. Masiku ano ngakhale mbuzi ili ndi foni."

"Sindikufunsa iwe, mwanawe. Koma poti uli ndi pakamwa, imva, ukauze anzako."

Ndipo anafotokoza, msewu wonse ukumva. Anapita kukaluka tsitsi kusaluni ina imene mnzawo wa kutchalitchi anawalozera. Atakhala pampando, kuluka kuli pakati, anakweza maso n'kuona chithunzi chitamatidwa pagalasi. Galimoto anaidziwa, angalephere bwanji, inabwera pakhomo mwana wawo woyamba asanayambe kuyenda. Anafunsa mwaulemu kuti mwanangu, galimoto yokongolayi ndi ya ndani? Mtsikana uja, chipeso chili m'kamwa, anayankha kuti, "Ndi ya munthu wanga, amayi. Ndi wachikulire koma amandisamala. Akuti andisiyira."

Gulu linati, "Aaa!"

"Ndinadzuka ndi mutu wolukidwa theka," anatero mayiwo. "Ndinachimatula pagalasipo n'kutuluka. Ine galimoto iyi sindinaloledwepo kugwira makiyi ake. Ndikalowa ndimayamba ndagogoda nsapato. Zidzukulu zimadyera panja. Lero makiyi ali pa chala cha mwana wa zikhadabo?"

"Sindikumudziwa, mayi," anatero Madala. Mawu anali atasasa, zikuoneka kuti anali atanena zimenezi kambirimbiri. "Ndalumbira pa Baibulo, ndalumbira pa manda a amayi anga."

"Mwalumbira, inde. Katundu wanga ndamanga kale, ali kwa mwana wanga wamkazi. Ndangofuna ndimve kwa amene anajambula, kuti ndikamapita ndipite ndikudziwa kuti munaima pati inuyo pamene ankajambulidwa. Munali kumbuyo kwa kamera mukumuseketsa?"

Ndinawaponda alamu phazi kuti akhale chete. Kwa nthawi yoyamba sanapepese. Ankayang'ana Madala. Munthu wamkulu ataima pamsewu mutu uli pamtunda, akupotokola kansalu kachikasu m'manja ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Kenaka anayang'ana Njiwa, nthawi yaitali ndithu, ngati mmene munthu amayang'anira basi imene yanyamula m'bale wake. Anandichotsa panjira ndi dzanja limodzi, anapita kukhoma, n'kutembenuza bolodi.

"Ndinajambula ndine, mayi. Bambowa sadziwa kanthu. Onani."

Mayi aja anayandikira, anakonza magalasi. Pabolodipo panali Njiwa, ndi Njiwa, ndi Njiwa. Njiwa ndi mlonda. Njiwa ndi mayi wonyamula mapasa. Njiwa ndi mnyamata wa tayi wotalika mpaka m'mawondo. Njiwa ndi mlaliki atakweza Baibulo kumwamba. Amuna onse jekete limodzi, lina lothina, lina lolendewera. Onse makiyi amodzi.

Wina m'gulumo anafuula, "Uyo ndi mlamu wanga uyo! Anatiuza kuti galimoto ili ku galaja!" Anthu anafa nacho chiseko.

Mayiwo sanaseke. "Ndiye kuti amabwereketsa kwa aliyense? Tauni yonse yagwira galimoto imene ine ndimalowa ngati mlendo?"

"Palibe anaigwirapo, mayi," anatero alamu. "Taonani pansi pa dzanjapo. Mukuona kuwala kukudutsa? Onani ichinso. Ndi ichi. Ngakhale cha mtsikanayo, yang'anitsitsani."

Anayang'anitsitsa, chithunzi chili pafupi ndi mphuno. Madala nawonso anasendera, anasuzumira paphewa la akazi awo, ndipo ndinaona akupuma mozama ataona kampata kaja. Munthu ukwati ukutha, iye akuyamba wakondwera kuti penti yake siinakhudzidwe!

"Nanga makiyi?"

Ndinawatulutsa m'thumba. "Awa, mayi. Iyi ndi ya kubafa kwathu, iyi ya loko amene anatayika, iyi sindikudziwa, ndinatola."

Anandilanda, n'kulunjika kuchitseko cha galimoto kuti ayese okha. Madala anakuwa ngati apondedwa ndi ng'ombe. "Mayi, mukanda! Chonde, mukanda penti!" Anaima pakati pa akazi awo ndi chitseko, manja atatambasula. Anasolola makiyi enieni m'thumba, anaika pambali pa anga, aliyense anaona kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Apa nkhani inali itatha bwino, ndikanangotseka pakamwa. Koma mayiwo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Chabwino, uyu wa zikhadabo ndi wabodza. Koma mwamuna amene galimoto yake ingajambulidwe ndi tauni yonse iye osadziwa, amakhala ali kuti? Alipo wina kwinakwake."

Alamu anga ataya chakudya cha ana awo kuti ayeretse munthu, wina n'kumapakanso matope?

"Mayi, ndi ulemu wonse, musatinyoze! Chibwenzi bambowa achipeza nthawi yanji? Ine ndimawaona ndi maso angawa Lachinayi lililonse. Akalowa khomo ili amatulukira ilo, ulendo wa kuseri kwa shopu ya zitsulo, pa dirafuti, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka! Sadzuka ngakhale kukataya madzi! Mkazi yekhayo amene amafika kumeneko ndi wogulitsa mtedza, nayenso alibe mano! Funsani aliyense!"

"Zoona!" anavomera osoka nsapato. "Ndipo amaluza!"

Ndinayang'ana Madala kuti andithokoze. Anali atatseka maso.

"Dirafuti," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Bambo, Lachinayi si tsiku lanu lopita kuchipatala kukawongoledwa msana?"

Ngakhale wa sitolo ya mankhwala, amene anali pakhomo, anabwerera m'kati mwakachetechete.

"Msana umene ndimauthowa ndi madzi otentha Lachinayi lililonse madzulo? Umene unakuletsani kukwera padenga kukamata podontha, mpaka ndinakwera ndine, ndi zaka zangazi? Mumabwera mukubuula kuti adokotala andipinda kwambiri lero. Kani amakupindani ndi zitsekerero za mabotolo?"

"Mabenchi ake ndi olimba, mayi," anatero Madala motsitsa. "Msana umawawadi."

Anthu anagwa pansi ndi kuseka. Ndipo munthu akachita manyazi amafuna pogwetsera mkwiyo. Madala anatembenukira kwa ife, dazi likunyezimira thukuta.

"Inu! Akuba inu! Zaka zonsezi mukudyera galimoto yanga osandipempha? Mwandipasulira banja, mwandiyalutsa pamsewu! Galimoto iyi simudzaionanso. Ndikaimika kutsidya kwa tauni, ndikaifunditsa lona!"

Ine ndinali nditakoka kale mpweya kuti ndiwayankhe, koma alamu anandigwira mkono. Anaika manja kumbuyo, n'kuwerama pang'ono.

"Mwanena zoona, bambo. Tinalakwa osapempha. Pepani. Koma lona musaifunditse nthawi ya mvula, limasunga chinyezi, penti imatupa. Ndangoti ndinene, poti sindidzaionanso."

Madala anapita kukatsegula chitseko cha galimoto. "Tiyeni, mayi."

Mayiwo sanasunthe. Anali akuyang'anabe bolodi, kenaka alamu, kenaka ine, kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ngati akusankha nkhuku pamsika.

"Kutsidya kwa tauni kuli ndani woti azikuonani?" anafunsa.

"Mayi?"

"Muziimika pano. Pomwe pano, Lachinayi lililonse. Pano ndapezapo anthu awiri amene ndakhala ndikuwasowa moyo wanga wonse. Uyu satha kunama, uyu satha kutseka pakamwa. Mukachoka pa dirafuti n'kukhotera kwina, ndidzamva dzuwa lisanalowe. Si choncho, iwe wa zipeso?"

"Mudzamva musanafunse, mayi," ndinatero.

"Koma galimoto yanga..." anayamba Madala.

"Yathu. Ndipo ajambule. Galimoto imene ikujambulidwa ndiye kuti yaima, siili pakhomo pa munthu. Koma denga mukwera Loweruka, msana wachira." Anatembenukira kwa alamu. "Ndipo wa zikhadabo uja akadzabweranso, mumuuze kuti munthu wake wamusiyira moni."

Analowa m'galimoto osagogoda nsapato. Madala anaona, n'kuyang'ana kumbali. Anabweza Njiwa pang'onopang'ono kuitsitsa pakhonde, nkhope ikuwawa ngati tayalalo ndi phazi lawo. Itapita, alamu anakhala pansi pakampando kawo, n'kundipatsira kamera.

"Alamu," anatero, "pakamwa panu padzatiphetsa."

"Padzatiphetsa? Pakamwa pomwepa ndi pamene pabweza Njiwa! Inu chilungamo chanu chinaithamangitsa!"

Mpaka lero timakanganabe kuti anaibweza ndani. Mlongo wanga amati tonse ndife zitsiru, anaibweza ndi mayi aja.

Lachinayi lotsatira inabweradi. Madala anatuluka chipewa chili kumutu, ine sanandiyang'ane, ndipo mpaka pano moni wanga amayankha ndi mphuno. Sanalowenso m'sitolo ya mankhwala, palibe chobisa tsopano. Anapukuta galasi la m'mbali, anaizungulira galimoto, n'kuima kutsogolo kwa bolodi. Analiyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo, makasitomala atatu akudikira pakhonde osadziwa ngati athawe. Kenaka analoza chithunzi cha mlaliki uja.

"Apa bampa yada. Bampa yanga si yakuda chonchi."

"Dzuwa linali kumbuyo, bambo," anatero alamu. "Mmene mumaimikira, m'mawa kutsogolo kumakhala mumthunzi."

Madala anayang'ana kumwamba, anayang'ana galimoto. Anang'ung'udza kanthu kokhudza anthu osadziwa ntchito yawo. Kenaka analowanso, analiza injini, anatulutsa mutu pawindo.

"Ndiye mwangoima pamenepo bwanji? Ndiuzeni, ndibwerere mpaka pati?"